Mpunga wa ku Bua ndi buku la pagolosale

Kuno ku Nkhotakota munthu akadya mpunga madzulo amadzuka m'mawa n'kumati wagona ndi njala. Nsima yathu ndi kondowole, ndiwo yake usipa kapena utaka. Mpunga timaulima, timaunyadira, alendo timawaphikira, koma kuyambira kale unali mbewu yogulitsa. N'chifukwa chake, adzukulu anga, mukandifunsa za sikimu ya Bua sindingaikambe payokha osakambanso za golosale ija yatsekedwa pamsewu.

Agogo anga aakazi, amene anabadwa ukapolo usanatheretu, ankati mpunga wa faya unabwera ndi a Jumbe. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, Mswahili wa kunyanja yamchere, anafika kuno cha m'ma 1840 napempha malo kwa mfumu Malengachanzi ngati mlendo wamalonda. Posakhalitsa mlendoyo anali ndi mfuti zambiri kuposa eni mudzi. Anamanga linga, anakhoma zombo, nayamba kuwolotsa minyanga ya njovu ndi anthu kupita kutsidya, kumene ankayambira ulendo wapansi wa ku Kilwa. Khamu lonselo, asilikali, opalasa zombo, akapolo odikira kuwoloka, linkafuna chakudya, ndipo madambo a m'mbali mwa nyanja anasanduka minda ya mpunga. Ambiri olima anali anthu ogwidwa. Agogo akafika pamenepa ankatsitsa mawu, chifukwa m'mudzi momwemo munali zidzukulu za ogwidwa ndi zidzukulu za ogwira, zitakwatirana kalekale. Zombo zomwezo pobwerera zinkadzaza nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Mtengo wa mpunga ndi mtengo wa nsalu ankatchula ndi munthu mmodzi yemweyo.

Za Livingstone munaphunzira kusukulu: anadutsa mu 1861, anabweranso mu 1863, ndipo mkuyu umene anakhala pansi pake ulipobe kufupi ndi chipatala cha St Anne's. Malonda a anthu sanathere pamkuyupo ayi. Mzungu wa boma Harry Johnston anapangana ndi Jumbe wachitatu mu 1889, ndipo pofika 1895 Jumbe womaliza anali atachotsedwa n'kutumizidwa ku Zanzibar. Azungu a boma anathetsa ukapolo, koma mpunga anaukonda. Alfred Swann, amene ankayang'anira boma lino, lotchedwa Kota Kota masiku amenewo, analimbikitsa anthu kuti aziulima apeze cholipirira msonkho, ndipo mpunga wa kuno unkadyetsa asilikali a boma. Makolo athu anasiya kulimira Jumbe nayamba kulimira msonkho.

Ine ndinakula mpunga ukulimidwa mwachikale. Mvula ikagwa amayi ankamwaza mbewu m'dambo, n'kudikira. Ife ana ntchito yathu inali kupirikitsa mpheta kuyambira mbandakucha mpaka mawu kusasa. Pokolola ankadula ngala imodziimodzi ndi kampeni, kenako kuupuntha pamphasa, kuupeta ndi lichero, kuusinja mumtondo. Faya akamapsa pamoto fungo lake linkafika nyumba yachitatu, moti sukanatha kubisa kuti kwanu kwabwera mlendo. Chaka cha mvula yochepa kunalibe kanthu. Chaka cha mvula yambiri Bua ankasefukira n'kutenga zonse.

Mpunga wotsala pa chakudya cha alendo ndi mbewu unkapita kwa mmwenye. Kuboma kunali sitolo ya Mandala, koma ife a kumudzi tinkazolowera sitolo ya mmwenye ya pafupi, nyumba ya njerwa ya malata, khonde lalikulu, pakhondepo telala akupalasa makina ake. Katundu wambiri ankabwera panyanja, chifukwa msewu unali wafumbi ndipo dzinja unkaduka. Kuyambira 1951 sitima ya Ilala ikaima patali ndi gombe, maboti ankatuta mabelo a nsalu ndi matumba a mchere, dera lonse n'kudziwa kuti m'sitolo mwalowa zatsopano. M'katimo munkanunkhira palafini, sopo wamtanda ndi nsalu yatsopano. Munali biliwita, makasu, mbedza, singano, mikanda, machesi, nyali. Ndalama zake zinali makobiri obowola pakati amene tinkawatunga pachingwe, tiki ndi sheleni. Amayi ankaika mtanga wa mpunga pasikelo, mmwenye n'kuwerengera ndalama pakauntala, ndalamazo n'kubwereranso kwa iye yemweyo posinthana ndi nsalu ndi mchere, zisanatenthe n'komwe m'manja. Pomaliza ankaponya banyira, kamchere kapena switi ya mwana, amayi n'kutuluka akuthokoza.

Sindikuti amwenye aja anali angelo. Sikelo inali yawo, kuwerenga kunali kwawo, ndipo mayi wosadziwa manambala analibe potsutsira. Munthu wamkulu ndi imvi zake ankatha kuitanidwa ngati kamnyamata. Komabe chilankhulo chathu ankachidziwa, maliro a m'mudzi ankawamva, ndipo munthu amene amudziwa ankamupatsa katundu kuti adzalipire akakolola. Chizolowezi chimenechi ndicho chinatsala iwo atapita.

Zaka za m'ma 1970 zinabwera ndi zinthu zambiri nthawi imodzi. Mu 1971 mapaundi ndi masheleni anatha, tinayamba kuwerenga kwacha ndi tambala, ndipo chaka chomwecho ADMARC inalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board. Kamuzu analamula kuti amwenye achoke m'midzi malonda a kumudzi akhale a Amalawi, ndipo pofika 1978 anali atasonkhanitsidwa ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Ku Dwangwa anayamba kudzala nzimbe, fakitale ya shuga n'kuyamba kugaya mu 1979, anyamata ambiri n'kupita kukadula. Ndipo kuno kwathu kunabwera magiredala kudzasalaza dambo la Bua.

Sikimuyo inali imodzi mwa masikimu 16 amene boma linamanga m'dziko muno kuti anthu azilima mpunga wothirira, ena ku Karonga, ena ku Zomba, ena kumunsi kwa Shire. Yathuyi inali ya mahekitala pafupifupi 300. Malowo anachoka m'manja mwa mafumu nakhala a boma. Anapatutsa madzi mumtsinje, anakumba ngalande yaikulu, ngalandeyo n'kubala ngalande zazing'ono mpaka madzi kufika papuloti ya munthu aliyense. Aphunzitsi athu anali akatswiri ochokera ku Taiwan, ife tinkangoti Matchaina. Anthu amenewa anatidabwitsa chifukwa bwana ankavula nsapato n'kulowa m'matope. Anatiphunzitsa kufesa nazale, kuzula mbande, kuwokera m'mizere potsata chingwe, kusalaza puloti kuti madzi aime mofanana, ndi kuthira feteleza panthawi yake. Akuluakulu poyamba anaseka: mpunga n'kuudzala umodziumodzi ngati fodya? Atauona ukuphuka anasiya kuseka. Tinkakolola kawiri pachaka, dzinja ndi chilimwe, ndipo kunabwera mbewu ya Blue Bonnet, yocha msanga koma yopanda fungo la faya.

Mwambo wa pasikimu ankasunga Apayoniya, ndipo apa ndiyenera kunena zonse ziwiri. Ngalande zinali zoyera. Tsiku lolambula likakwana palibe ankatsala kunyumba. Madzi ankagawidwa mwa masiku, wakumtunda osaba a wakumunsi. Koma chimene chinkayendetsa zonsezo chinali mantha. Ukachedwa kuwokera kapena kupalira, puloti ankakulanda n'kupatsa wina. Ngongole ya feteleza ankadula pamsika ndalama usanazione. Wogula anali mmodzi, mtengo wolengezedwa pawailesi, ndipo pakhomo la msika panali anyamata ofunsa khadi la chipani. Achinyamata a lero akamva ife okalamba tikuyamikira nthawi imeneyo amaganiza kuti tikulira Apayoniya. Tikulira madzi ofika panthawi yake ndi msika wodziwika tsiku lotsegula. Chikwapu ayi.

Tsono mwini golosale uja. Dzina lawo ndilisunga, poti ana awo alipo. Anali mmodzi wa amuna amene anapita ku Joni pa Wenela. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa kulemba anthu a kumigodi, amuna masauzande n'kubwerera kumudzi. Ambiri anabwera ndi njinga, wailesi ndi jekete, ndalama n'kuthera m'mowa ndi m'maukwati. Bambo aja anatenga nyumba imene mmwenye anasiya, anakapikula katundu ku Chipiku kuboma, n'kutsegula. Sanali okha ochita zimenezi. Sitolo zambiri zosiyidwa ndi amwenye zinatsegulidwa ndi anthu athu, ndipo zambiri sizinakhalitse, chifukwa mlamu akabwera kudzatenga shuga sungamuuze mtengo. Iwo anapirira chifukwa cha buku.

Linali buku lalikulu la chikuto cholimba, lokhala pansi pa kauntala. Banja lililonse linali ndi tsamba lake. Mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi imene mpunga uli m'madzi ndipo m'thumba mulibe kanthu, mayi ankapita kukatenga mchere, sopo, palafini, kope la mwana, iwo n'kulemba mayiyo akuona, n'kumuwerengera mokweza. Mpunga ukagulitsidwa munthu ankayamba wapita kugolosale kukafufutitsa tsamba lake. Chiwongoladzanja panalibe. Mlamu wawo weniweni naye anali ndi tsamba, ndipo nkhani imeneyi inamveka mudzi wonse, anthu n'kumati munthuyu ndi wouma mtima. Patapita zaka omwewo ankati ndi wachilungamo. Amene sanalipire popanda chifukwa sankamukalipira. Ankangotseka buku n'kunena kuti, "Achimwene, tsamba lanu ladzaza." Mawu amenewa ankaopedwa kuposa samani ya kukhoti.

Ntchito ya bukulo muimvetse bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Mlimi wa mpunga amasauka kwambiri miyezi iwiri asanakolole. Akasowa pokongola mchere ndi mankhwala a mwana, amagulitsa mpunga ukadali m'munda pamtengo uliwonse. Buku lija linkamuwolotsa miyezi imeneyo. Golosale inkadikira mpunga, mpunga n'kudyetsa golosale.

Panalinso zina zosalembedwa. Maliro akagwa usiku, bambo aja ankadzutsidwa n'kudula nsalu ya maliro, za ndalama n'kukamba pambuyo pa kusesa. Makalata ochokera ku Joni ndi ku Halale ankafikira pa keyala yawo, ndipo osadziwa kuwerenga ankawerengeredwa pomwepo, kuseri kwa chitseko. Iwo anali Msilamu, Lachisanu masana ankapita kumzikiti n'kusiyira makiyi mnyamata wa ku Anglican, ndipo Lamulungu mnyamatayo akapita kutchalitchi ankagulitsa okha. Pakhonde panali bawo ndi wailesi. Mpira wa Bata Bullets ndi Yamaha Wanderers tinkamvera pomwepo, ndipo zotsatira za riferendamu ya pa 14 Juni 1993 tinazimveranso pomwepo, anthu atadzaza mpaka mumsewu, ena akuopabe kuwomba m'manja.

Mu Disembala chaka chomwecho asilikali a boma analanda zida Apayoniya pa Operation Bwezani, ndipo a pasikimu anabalalika. Tinasangalala, ndipo panali chifukwa chosangalalira. Koma palibe anakhala pansi kufunsa kuti tsopano ngalande azilambulitsa ndani. Boma linalibe ndalama zokonzera. Misika ya ADMARC inayamba kutsegulidwa mochedwa, nthawi zina popanda ndalama. Mu 1994 kwacha inasiyidwa kuti iziyandama, feteleza n'kukwera. Pasikimu aliyense anayamba kunena kuti ndi demokalase. Zitseko zachitsulo zogawira madzi zinazulidwa n'kukasulidwa makasu ndi mbaula. Mchenga unadzaza pamalo opatutsira madzi, bango linamera m'ngalande, ng'ombe zinagumula migula. A kumtunda ankatseka madzi ndi matope, a kumunsi n'kubwera usiku ndi zikwanje kudzatsegula. Anthu opemphera mpingo umodzi anasiya kupatsana moni chifukwa cha madzi. Mapuloti a kumapeto anabwerera kutchire, ndipo ulimi wachilimwe unatsala wa anthu ochepa okhala pafupi ndi ngalande yaikulu.

Zaka zimenezo buku la pagolosale linanenepa. Pa njala ya 2002 ife a kunyanja chinangwa chinatithandizako, koma kunabwera anthu ochokera kumtunda, ku Ntchisi ndi ku Kasungu, kudzasinthitsa mbale ndi zovala ndi makaka. Bambo aja anatsegula masamba a anthu amene ankadziwa kuti sadzalipira. Mashelefu anayamba kuoneka matabwa.

Kudzuka kwa sikimu kunayamba ndi lamulo. Ndondomeko ya ulimi wothirira ya 2000 ndi lamulo la 2001 zinati masikimu a boma aperekedwe kwa alimi eni ake. Kunabwera pulojekiti yothandizidwa ndi bungwe la IFAD, imene inkagwira ntchito m'madambo a Karonga, Nkhotakota ndi Machinga, n'kukonza malo opatutsira madzi ndi ngalande zikuluzikulu. Alimi anapanga bungwe lawo la ogwiritsa ntchito madzi, lija mumaliti WUA, lokhala ndi komiti yosankhidwa, malamulo olembedwa, ndi ndalama ya madzi imene aliyense amapereka. Simenti inali ya pulojekiti, koma thukuta linali lathu. Tinalowa m'ngalande ndi makasu ndi mafosholo, amuna ndi akazi, kuzula bango lomwe linali litatalika kuposa munthu. Chovuta sichinali bango. Chovuta chinali kuuza munthu amene wamwa madzi aulere zaka zonsezo kuti tsopano azilipira, ndi kuti wom'lipiritsa chindapusa ndi mnansi wake, wopanda yunifolomu, wopanda mfuti. Misonkhano ina inkatha ndi kutukwanizana. Amayi ndi amene anaulimbitsa mtima, chifukwa ndiwo ankawokera, ndipo atalowa m'komiti nkhani ya kuba madzi usiku inayamba kukambidwa ndi maina.

Madzi atafikanso kumapuloti a kumunsi, anthu anaona kuti zimene ankachita poopa Apayoniya angathe kuzichita pogwirizana. Ndimanyadira zimenezi kuposa sikimu yoyamba ija. Mpunga wa kilombero unatchuka m'matauni, zigayo za mpunga zinachuluka m'mbali mwa msewu wa M5, magalimoto ochokera ku Lilongwe n'kumaima kudzagula. A ku Taiwan anachoka m'dziko muno mu 2008 boma litapanga ubale ndi China, koma kuwokera ndi chingwe kunatsala, ndipo mwana wa pasikimu amakudziwa asanayambe sukulu. Sindikuti zonse zili bwino. Bua amachokera ku Mchinji, amadutsa m'madera a fodya kumene mitengo inatha, ndipo dzinja lililonse amatibweretsera mchenga wa eni ake. Kuchotsa mchengawo ndi ntchito yosatha.

Pamene sikimu inkadzuka, golosale inkafooka. Msewu wa phula ndi maminibasi zinachititsa kuti wokhala ndi ndalama azikagula kuboma kapena ku Dwangwa. Wopanda ndalama anapeza maokala pakhomo lililonse, ogulitsa shuga wa pasupuni ndi mafuta ophikira a m'timapepala. Makalata anatha, ndalama za ku Joni zinayamba kubwera pafoni. Kugolosale kunatsala a ngongole okhaokha. Bambo aja atamwalira, ana aamuna anali kale m'tauni, ndipo anatsala pakauntala ndi mwana wawo wamkazi, munthu wakhama amene anasunga buku monga ankachitira bambo ake. Chinamugonjetsa ndi kwacha. Mu Meyi 2022 inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Sopo wokongoza mu Januwale, ndalama yake ikabwera mu Juni sinkagulanso sopo yemweyo kopikula. Munthu aliyense wolipira ngongole yake mokhulupirika ankamudyera mpamba osadziwa. Akanaika chiwongoladzanja akanakhala wakatapila, ndipo iye anakana kuti dzina la bambo ake lithere pamenepo. Anayenda nyumba ndi nyumba kutsanzika, n'kutseka.

Ena amati analephera chifukwa sanaphunzire za bizinesi. Nanga PTC, imene inayamba mu 1973, yokhala ndi sitolo m'dziko lonse ndi akatswiri owerengera ndalama, bwanji inagwa mu 2022? Nthawi yake inali yoipa kwa wogulitsa aliyense, ndipo inaipitsitsa kwa wogulitsa wodikira mlimi.

Nyumba ija tsopano achita lendi mavenda, amasungiramo matumba a mpunga. Nawonso ali ndi buku. Amabwera mu Febuluwale, mwana akadwala kapena fizi ikafunika, n'kupereka ndalama pamanja kuti pokolola adzatenge thumba. Ndalamayo siifika pamtengo umene thumbalo lidzagulidwe mu Juni, ndipo siiyandikira n'komwe mtengo wa mu Disembala. Pogula sabwera ndi sikelo, amabwera ndi ndowa yomenyedwa pansi kuti ikule mimba, n'kuidzaza mpaka mpunga kutayikira. Sindiwada anyamatawa, nawonso akusaka chakudya, ndipo popanda iwo mpunga ukanaolera m'nyumba. Koma taonani mmene zilili: alimi analimbana zaka zambiri kuti madzi abwerere, akukolola kuposa makolo awo, ndipo gawo la mpungawo limakhala litagulitsidwa usanatulutse ngala. Amene anakonza sikimu anaganiza za madzi, za simenti ndi za komiti. Za miyezi iwiri ya njala ija palibe anaiganizira, chifukwa nthawi imeneyo golosale inalipo ndipo inkagwira ntchitoyo mwakachetechete.

Iwe wamkulu, amene unapita kusukulu ndipo puloti ya amako ukulima ndiwe, pamsonkhano wa alimi ukubwerawu usakangokhala kumbuyo. Akatha za ndalama ya madzi ukaimike dzanja. Ukafunse kuti bungwe limene likutha kutolera ndalama ya ngalande likulephera bwanji kukhala ndi sikelo yakeyake, nyumba yosungira mpunga mpaka mtengo utakwera, ndi thumba lokongoza mamembala mu Febuluwale. Akakuuza kuti anthu sabweza ngongole, ukawauze kuti mwana wa bambo aja buku analisunga, apite akawerenge masamba ofufutidwa.